Chithunzi cha agogo a eni cha R9,500: ndigule kapena mutu wanga wasokonekera?

Nachisale_Joni

Abale anga, ndithandizeni kaye nzeru, kuseka museke pambuyo. Ndili kuno ku Joni chaka chachisanu ndi chimodzi, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Loweruka lapitali mnzanga wa ku Bulawayo anandiumiriza kuti ndimuperekeze ku chionetsero cha zithunzi ku Braamfontein. Ine za zionetsero sindizidziwa. Ndinavomera chifukwa kwathu magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, m'chipinda mukuzizira ngati mufiriji.

Talowa, tazungulira, zambiri ndinangoziona n'kudutsa. Kenako ndinafika pa chithunzi china chapakona, miyendo n'kukana kuyenda. Chinali chakuda ndi choyera basi. Agogo aakazi akhala pampando wachitsulo, duku alimangira kutsogolo, manja ali pamaondo, dzanja limodzi lagadama ngati angomaliza kupatsa munthu kanthu. Kuwala kukulowera mbali imodzi, mwina pazenera, ndiye theka la nkhope lili mumdima. Sakumwetulira, sanakwiyenso. Koma manjawo abale! Mitsempha yonse ikuoneka, zikhadabo zothetheka m'mbali, pachala chachikulu pali kachipsera ngati ka mpeni wosendera mbatata. Agogo anga a ku Ntcheu amene anandilera anatisiya mu 2011, ndipo chithunzi chawo chomwe chinatsala ndi kaja ka pa chiphaso chovotera, nkhope yokha, yosaonekanso bwino. Manja awo palibe anawajambulapo. Ndinaima pamenepo mpaka mnzangayo anabwera kudzandigwira paphewa.

Pambali pake panali kapepala. Analembapo dzina la wojambula, mtsikana ndithu wamng'ono kwa ine, chaka, kukula kwake 60 x 80 cm, mawu akuti pigment print, kenako 2/8, kenako mtengo: R9,500, felemu payokha.

Kuyambira tsiku limenelo tulo sakubwera bwino. Ndinawauza abambo akunyumba, iwo anangofunsa funso limodzi: "Amenewo ndi malata angati?" Ndipo sakulakwa, nyumba yathu ku Lilongwe yafika pa lintala, denga palibe. Koma ndalamazi ndi za maovataimu anga a usiku, ndakhala ndikuziika padera miyezi isanu ndi itatu.

Ndiye amene mumazidziwa zinthuzi, 2/8 ndiye kuti chiyani? Munthu amene chithunzi ali nacho mu kompyuta, amene akhoza kusindikiza china mawa, ndikumulipira chiyani kwenikweni? Pa shopu ya zithunzi ya kufupi ndi kwathu amasindikiza chachikulu ndi ndalama zochepa kwambiri. Kodi malo ngati amenewa amanenerera mtengo kapena ndikangodzichititsa manyazi? Ndipo chomwe chikundivuta kwambiri: alendo akadzafunsa kuti pakhomapo ndi ndani, ndidzayankha kuti chiyani, poti agogowo ngakhale dzina lawo sindilidziwa?

Mfana_wa_Ndirande

Asisi, alamu akunena zoona. Bwererani komweko, imani bwinobwino, jambulani ndi foni, pitani pa shopu mwatchulayo akakusindikizireni. Zotsalazo gulani malata, ine mundikumbukireko ka Fanta chifukwa cha nzeru yaulereyi.

Wakamera_wakale

Amayi Nachisale, nzeru ya mnyamata wa ku Ndirandeyo isiyeni pomwe yagwerapo. Kumeneko n'kuba thukuta la mwana wa eni. Komanso chimene mukatulutse pamenepo ndi chithunzi cha galasi ndi mababu a kudenga, kachipsera kakuvutitsanika simukakaona.

Ine ndinayamba kujambula mu 1987, kamera pakhosi, njinga yakapalasa, kuchoka ku Limbe mpaka ku Bangwe. Munthu ankalipira theka, ine n'kudikira kuti filimu ikwane zithunzi 36, n'kukatsukitsa, n'kumubweretsera patatha mlungu kapena iwiri. Sindinagulitsepo chithunzi pa mtengo mukunenawo. Koma mwana wanga wamwamuna amagwira ntchito pamalo osindikizira zithunzi za akatswiri ku Cape Town, ndipo nditapita kukaonetsa maso kuchipatala ndinakhalako miyezi itatu, masana onse ndili pa benchi kuonerera. Ndikuuzani zomwe ndinaona.

2/8 ndi lonjezo. Mtsikanayo akunena kuti chithunzi chimenechi adzachisindikiza kasanu ndi katatu kokha, ndipo chanucho ndi chachiwiri. Akafika pa 8 watseka, ngakhale atabwera munthu ndi thumba la ndalama. Kompyuta singamuletse kusindikiza chachisanu ndi chinayi, chimene chimamuletsa ndi dzina lake, chifukwa akagwidwa kamodzi palibe adzamugulenso. Kawirikawiri pamwamba pa nambalayo amasungako chimodzi kapena ziwiri zakezake, zolembedwa kuti AP, zimenezo n'zovomerezeka bola anene poyera kuti zilipo zingati. Ambiri amakweza mtengo zithunzi zikamatha, ndiye nambala 2 imakhala yotsikirapo kusiyana ndi 7, ngakhale n'zofanana ngati mapasa. Koma pali pamene anthu amapusitsidwa: ena amati zisanu ndi zitatu pa kukula kumeneku, kenako makumi awiri zazing'onopo, kenako zisanu zazikulu ngati chitseko. Safunsa anadya phula. Funsani kuti zonse pamodzi, kuphatikiza misinkhu yonse, zidzakhalapo zingati padziko pano, ndipo yankholo alilembe pa pepala.

Za pepala ndi inki. Tsegulani alubamu ya kwanu ya m'ma 1990, muona zithunzi zambiri zafiira kapena zachita chikasu, masuti akuda asanduka a khofi. Zina mwa zimenezo ndinajambula ndine, ndikuvomera. Utoto wake umasuluka, makamaka zikakhala padzuwa. Zakale zakuda ndi zoyera zija, za agogo athu a ku Wenela, zambiri zilipobe bwino chifukwa chithunzi chake chimapangidwa ndi siliva, osati utoto. Pigment print mwaiwerengayo ndi inki ya tiufa tolimba tosasuluka msanga, ndipo akatswiri amaithira pa pepala la thonje lopanda asidi, monga la kampani ya ku Germany yotchedwa Hahnemühle. Mukaligwira m'mphepete limamveka ngati nsalu yokhuthala. Mwana wanga ndinamuona akusindikiza nkhope imodzi kangapo pa tizidutswa, wojambula ali chilili pambali akuti apa mdima wameza khutu, apa khungu latuwa ngati lapakidwa phulusa. Khungu lakuda kulisindikiza kuti lioneke lamoyo, mdima uli pomwepo koma makwinya osasowa, ndi ntchito. Makina a pa shopu yanu angopaka phula theka la nkhope ya agogowo.

Funsani dzina la pepala. Funsani ngati wasainira, ambiri amasainira kumbuyo ndi pensulo chifukwa inki ya bolopeni imatha kulowerera mpaka kutsogolo. Mutenge chiphaso chokhala ndi dzina la chithunzi, chaka, kukula, nambala ndi siginecha, ndipo risiti musataye.

Pa funso lanu lomaliza ndikukambireni za munthu wina wa ntchito yathuyi. Ku Bamako, m'dziko la Mali, kunali Seydou Keïta, anatsegula situdiyo yake mu 1948. Ankachita zomwe tinkachita ife: nsalu yamaluwa kumbuyo, wailesi, wotchi, magalasi a m'maso, njinga yamoto, zoti kasitomala abwereke aoneke wotsogola. Anthu ankatenga tizithunzi tating'ono n'kupita kwawo, iye n'kusunga manegetivu. Mu 1991 zithunzi zake zina zinaonetsedwa ku New York popanda ngakhale dzina lake, anangoti wojambula wosadziwika. Mzungu wina wa ku France, André Magnin, anapita ku Bamako kukamufunafuna mpaka anamupeza, ndipo kuchokera pamenepo anayamba kusindikiza zikuluzikulu zomwe lero zili m'nyumba zosungiramo zaluso ku Ulaya ndi ku America. Keïta mwini wake anamwalira mu 2001. Mnzake wa mumzinda womwewo, Malick Sidibé, analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice mu 2007. Anthu amene akupachika zithunzi zimenezo sadziwa kuti mayi wa pa chimodzi mwa zithunzi za Keïta, wogonera chigongono pa nsalu ya mawangamawanga, anali mkazi wa yani. Amapachika chifukwa akamuyang'ana naye amawayang'ana. Ine manegetivu anga a zaka khumi ndi zisanu anadyedwa ndi chiswe m'katoni pansi pa bedi, ndiye nkhaniyi ndikaikumbukira ndimangopukusa mutu.

Koma musagule poganiza kuti mudzagulitsa n'kumangira nyumba. A Keïta ndi mmodzi mwa zikwizikwi. Mtsikana wanuyo mwina adzatchuka, mwina chaka chamawa adzakhala akugwira ntchito ku banki. Gulani ngati mukufuna kudzuka nacho m'mawa uliwonse.

Kunenerera, funsani mwaulemu. Musayambire pa theka ngati tili pa kaunjika, chifukwa eni malo oonetserawo nthawi zambiri amatengapo pafupifupi theka, mtsikanayo n'kuchotsaponso ya pepala ndi yosindikizitsa. Nthawi zina amatsitsa pang'ono. Chomwe amavomera mosavuta ndi kulipira pang'onopang'ono.

Nangozo_ku_Leeds

Abambo a kamera anena zonse za kugula. Ine ndikuuzeni za pambuyo pogula, poti ndinapsa nazo.

Zaka zinayi zapitazo ndinagula chithunzi cha mnyamata wosoka nsapato kwa wophunzira wina kuno, £220. Ndinapita nacho kumudzi kuti chikakhale pabalaza m'nyumba yathu yatsopano ku Area 49. Pofuna kupulumutsa ndalama ndinachipereka kwa kalipentala wina wa m'mbali mwa msewu. Felemu anaipanga yokongola ndithu, ya mlombwa, koma chithunzi anachigoneka pagalasi penipeni, kumbuyo n'kutsekera ndi katoni ya sopo. Tinachikhoma pakhoma lakunja lomwe pulasitala wake anali asanaume bwino, ine n'kubwerera kuno. Nditapitanso dzinja litatha, ndinapeza timadontho ta nkhungu pamphumi pa mnyamatayo ngati akudwala chikuku, ndipo chakumunsi pepala linali litamatirira kugalasi. Mng'ono wanga pofuna kuthandiza anatsegula n'kukoka. Nsapato yonse inatsalira pagalasi. Sindinamukalipire, koma nsima tsiku limenelo sinalowe.

Ndiye achemwali, chithunzi chisakhudze galasi. Pamafunika kakatoni kokhuthala kopanda asidi kozungulira m'mbali, kamene kamasiya mpata pakati. Kumbuyo kwakenso kukhale kopanda asidi, ndipo asamate ndi guluu kapena selotepi. Wina akakuuzani kuti tichilaminete kuti chisalowe madzi, thawani, pulasitiki imeneyo sichokanso ndipo chithunzi chatha mtengo pomwepo. Galasi loteteza ku dzuwa lilipo koma ndi lodula, mukalephera ingosankhani khoma lomwe dzuwa silifikapo. Khoma la mkati mwa nyumba, kutali ndi khitchini, chifukwa utsi wa mbaula umalowa paliponse. Kumbuyo kwa felemu ikani timphira tiwiri m'makona a m'munsi kuti mpweya uzidutsa.

Ndipo poti nyumba yanu ilibe denga, chithunzicho chikhale nanu ku Joni komweko mpaka makoma adzaone dzinja limodzi kapena awiri. Tsiku lodzapita nacho musadzachiike mu ngolo ya basi pamodzi ndi mafiriji ndi zigubu za mafuta ophikira. Msewu wa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza tonse tikuudziwa. Osindikizawo akukulungireni okha mu chubu chachikulu ndi pepala lofewa pamwamba, chifukwa inki ija imakalika ngakhale ndi chikhadabo, ndipo chubucho chikhale pamiyendo panu. Risiti ikhale m'chikwama cha m'manja, a MRA pachipata akafunsa musayambe kusanthula masutikesi.

Namaseko_Pretoria

Ine funso langa ndi lina. Agogowo akudziwa kuti nkhope yawo ili pa msika? Tazolowera kuona anthu akubwera m'midzi mwathu ndi makamera ataliatali, kujambula ana a mamina ndi amayi osenza nkhuni, osapempha, osabweranso. Musanatulutse ndalama mufunseni mtsikanayo: agogowa ndi ndani kwa iye, anavomera kuti chithunzi chigulitsidwe, nanga iwo anapatsidwako chawo? Wojambula wabwino funso limeneli silimukwiyitsa. Zanele Muholi wa konkuno, amene zithunzi zake za nkhope za anthu zafika m'mayiko ambiri, anthu amene amawajambula amawatcha otenga nawo mbali, ndipo mayina awo amalembedwa pansi pa chithunzi. Ngati mtsikanayo wadutsa m'manja mwa aphunzitsi abwino, monga a ku Market Photo Workshop yomwe anayambitsa David Goldblatt mu 1989, nkhani imeneyi siikhala yachilendo kwa iye.

Dziwaninso kuti mukagula, mwagula pepala lokhalo. Mukhoza kulipachika, kulipereka mphatso, kuligulitsa. Koma kusindikiza ena, kuika pa kalendala ya mpingo kapena pa malaya, zimenezo mwini wake akadali wojambulayo.

Tsono maganizo anga enieni ndi awa. Mwati manja a agogo anu palibe anawajambula. Nanga amayi anu alipo? Ngati alipo, manja awo wawajambula ndani? Ndalama zomwezo mukhoza kulemba wojambula waluso kuti akhale nawo tsiku lathunthu pakhonde, osati zija zoti imani apo, sekani, thwa. Ine ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ya maloya, ndipo lamulo la kuno la 1978 limati ukatuma munthu kuti akujambulire chithunzi n'kumulipira, umwini wa chithunzicho ndi wako, pokhapokha mutagwirizana zina. Ndiye ojambula ambiri amalemba mu mgwirizano kuti umwini utsala kwa iwo. Werengani musanasaine. Mukakajambulitsa kumudzi, lembani pa pepala zomwe mwapangana: musindikiza zingati, mafayilo asunga ndani, ndipo ngati iye angadzaonetse nkhope ya amayi anu pagulu kapena ayi.

Mfana_wa_Ndirande

Chabwino, ndagonja, Fanta ndigula ndekha. Koma abambo a kamera, inu amene munkajambula ku Bangwe, mwina ndinu munadula mutu wa bambo anga pa chithunzi cha ubatizo wanga. Tikambirane kumbali.

Nachisale_Joni

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. Dzulo nditaweruka ndinapitanso, mafunso nditalemba kuseri kwa risiti ya golosale kuti ndisachite chibwibwi. Mwamwayi mtsikanayo analipo, akumata timapepala tofiira pansi pa zithunzi zomwe zagulidwa. Pa agogo aja panalibe. Mtima unakhala pansi.

A Namaseko, funso lanu ndi lomwe ndinayambira. Agogowo ndi azakhali a bambo ake, a ku Limpopo, ndipo nambala 1 ili m'nyumba mwawo momwemo, pamwamba pa kabati. Anandionetsa pa foni agogowo atanyamula chithunzi chawo chomwe, apa ndiye akuseka mano onse atatu ali pamtunda. Akuti anadandaula chinthu chimodzi chokha, kuti bwanji anawajambula asanasinthe duku. Kachipsera kaja si ka mpeni, ndi ka chikwakwa. Dzina lawo anandiuza, ndalisunga.

Abambo a kamera, munalasa. Pali msinkhu winanso, wa 40 x 50 cm, zithunzi khumi ndi ziwiri, pepala lomwelo la thonje, mtengo R5,200. Zonse pamodzi makumi awiri ndi ziwiri, kuphatikizapo ziwiri zake za AP, ndipo anavomera kulemba zimenezi pa chiphaso. Anatulutsa chaching'onocho mu kabati, atavala magolovesi oyera ngati nesi, n'kuchigoneka patebulo. Ndinawerama kufunafuna kachipsera. Kalipo. Kunena zoona chachikulu chija chimakugwira pakhosi kuposa ichi, koma chipinda changa n'chaching'ono, bedi ndi sitovu zimapatsana moni, ndiye ndasankha chaching'ono, nambala 4/12. Mtengo sanatsitse ngakhale randi imodzi, ndipo nditaona magolovesi aja manyazi anandigwira, sindinaumirire. Ndapereka R2,000, zotsala ndimaliza miyezi iwiri ikubwerayi, chithunzi ndidzatenga ndikamaliza.

Abambo akunyumba ndawauza usiku. Anakhala chete, kenako anati, "Ndiye kuti malata apulumukako angapo." Ndikuona ngati kumeneko ndiye kuvomera kwawo.

Amayi anga alipo, ali ndi zaka 71, ali ku Ntcheu. Ndinawaimbira kuwauza kuti mu Disembala ndikufuna kubwera ndi munthu wodzawajambula manja. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti manja okumba mbatatawa awaone ndani, bola ndiwagulire chitenje chatsopano awabise. Ndiye ndikufunsenso: alipo amene akudziwa wojambula wodekha ku Lilongwe kapena ku Blantyre, woti angavomere kukwera minibasi mpaka ku Tsangano nthawi ya mvula, n'kukhala pakhonde mpaka amayi ataiwala kuti pali kamera? Wa maukwati uja amauza anthu kuti apendeketse mutu ayi. A Nangozo, kakatoni kopanda asidi kaja ndikafunse kuti chiyani kwa opanga mafelemu, kuti asandipatse ka sopo?